Namondwe akathimitsa magetsi ku Harare: zokonzeratu, ndi chifukwa chake nyumba yanu imayaka pomalizira

Ife a ku Harare kuthima kwa magetsi sikutidabwitsa. Ku Mufakose kuno ngakhale mwana wa Grade 1 amadziwa kuti magetsi akapita m'bandakucha abwera anthu atagona, ndipo amayi ake adzuka pakati pa usiku kusita mayunifolomu ndi kutereka nyemba za mawa. Mu 2019, madzi atachepa ku Kariba, tinkatha maola mpaka 18 pa tsiku tili opanda magetsi, koma tinapirira. Ndiye munthu akamva pa wailesi kuti kukubwera namondwe kuchokera ku Mozambique amangoti, "Aa, magetsi ake ati? Si omwewa timakhala tilibewa?"

Pamenepo ndi pomwe timadzinamiza. Load shedding ndi munthu amene wathimitsa dala dera lanu chifukwa magetsi sakukwanira dziko lonse. Mawaya ali m'malo mwake, thiransifoma ili bwinobwino, nthawi yanu ikakwana amangoyatsa. Magetsi othima ndi mphepo alibe nthawi yobwerera. Penapake polo lagona, mtengo wadula waya, ndipo sayaka mpaka munthu afike pamalopo ndi makwerero ndi sipanala. Malo oterowo akachuluka usiku umodzi pamakhala mzere, ndipo nyumba ya munthu mmodzi imakhala kumchira kwa mzerewo. Ndiye pokonzekera muziwerenga masiku.

Harare ili kutali ndi nyanja, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, kotero namondwe akamafika kuno amakhala atafooka. Chimene chimatipeza ife ndi mvula ya masiku angapo imene imafewetsa nthaka mpaka jacaranda ndi bulugamu zizuke ndi mizu yomwe. Namondwe Idai anagunda Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019, nkukwera mapiri kukaononga Chimanimani ndi Chipinge, kumene kunafa anthu oposa 300, ndipo milatho itakokoloka amisiri a magetsi analibe ngakhale njira yokafikira pa mapolo ogwa. Amene tili ndi abale kumudzi ku Malawi tikukumbukiranso za namondwe Ana mu Januwale 2022: madzi a Shire anaononga damu la ku Kapichira, Malawi nkutaya magetsi pafupifupi mamegawati 130, ndipo panadutsa chaka chathunthu ndi miyezi makinawo asanayambirenso. Freddy wa mu Malichi 2023 sindichita kunena, ambiri tinalandira mauthenga a maliro ochokera ku Chilobwe. Nyengo ya anamondwe m'chigawo chathu imayamba mu Novembala mpaka Epulo, ndipo oopsa ambiri amabwera kuyambira Januwale mpaka Malichi.

Poyamba: kusanagwe mvula, tsatirani waya wanu

Tsiku lina Loweruka mu Okutobala, tulukani pa geti muyang'ane kumwamba. Waya wolowa m'nyumba mwanu ukuchokera pa polo liti? Tsatirani mapolowo mpaka mupeze thiransifoma imene imakudyetsani. M'madera ena ili pamwamba pa mapolo awiri, m'madera ena ili pansi m'kanyumba kokhoma, mawaya ake oyenda pansi pa nthaka. Dziwani msewu umene ili ndi chizindikiro chapafupi, kaya ndi tchalitchi kaya ndi tuckshop, ndipo ngati pali nambala yolembedwa pa polo kapena pa chitseko ikopereni. Funsaninso anansi kuti ndi nyumba ziti zimene zimathimira limodzi ndi yanu. Zikuoneka ngati zachibwana, koma tsiku lokanena vuto ndi zimenezi zimene zimasiyanitsa munthu wothandizika msanga ndi wongoti "kwathu kulibe magetsi."

Mukuyenda choncho muone mitengo. Nthambi ya mango kapena ya mapeyala imene yayandikira denga lanu ndipo ili kutali ndi waya, iduleni panopa. Imene yakhudza waya kapena ingagwere pa waya poidula, musaiyese, ndipo musatume mnyamata wa ganyu ndi chikwanje. Kauzeni a ZETDC, nthambi ya ZESA imene imagawa magetsi, kuti adzaione. Mtengo wauwisi umadutsa magetsi.

Lembani nambala ya mita yanu papepala, pamodzi ndi nambala ya foni ya depoti ya ZETDC ya dera lanu, ya kiliniki, ndi za abale awiri kapena atatu. Mateni pepalalo kuseri kwa chitseko cha kabati. Foni ikathima manambala onse amathima nayo. Ngati ndinu lodja, funsani eni nyumba komwe kuli bokosi la mabureka ndi amene amasunga kiyi wake.

Amene muli ndi jenereta kapena inveta yolumikizidwa ku mawaya a nyumba, ino ndiyo nthawi yoitana mmisiri wa mapepala kuti akuikireni changeover switch. Chifukwa chake ndichifotokoza kutsogoloku, ndipo ndi nkhani ya moyo wa munthu.

Kachiwiri: chenjezo likamveka

Namondwe sabwera mozemba. A zanyengo a ku Belvedere, a Meteorological Services Department, amalengeza masiku angapo asanafike, ndipo a Civil Protection amatumiza machenjezo. Mverani iwowo, osati uthenga wa pa WhatsApp umene wadutsa m'manja mwa anthu makumi awiri. Masiku awiri kapena atatu amenewo agwiritseni ntchito motere.

Yambani ndi madzi, chifukwa ndi amene amavutitsa kuposa mdima. Madzi a khonsolo amayeretsedwa ku Morton Jaffray kufupi ndi Lake Chivero ndipo amachita kupopedwa ndi magetsi kuti afike kwa ife. Mijigo yambiri ya masiku ano nayo ndi ya pampu ya magetsi kapena ya sola. Magetsi akathima masiku atatu, mzere wa pa mjigo wa manja umafika kumsewu. Dzazani zigubu, ndowa, mapoto aakulu, ngakhale bafa. Werengerani malita 15 pa munthu pa tsiku ngati mukufuna akumwa, ophikira ndi osamba pang'ono. Banja la anthu asanu kwa masiku atatu ndiye malita 225, kapena kuti zigubu za malita 20 zokwana 11 ndi kakotala. Akumwa akhale pawokha, ovundikira. Gulani WaterGuard kapena Aquatabs. Mvula yambiri imasefukiritsa masuweji, zonyansazo nkulowa m'zitsime zosazama zimene ambiri tinakumba kuseri kwa nyumba. Kolera ya 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo ya 2018 inayambira ku Glen View ndi Budiriro. Madzi a pachitsime nthawi ya mvula yotere awiritseni mpaka abwadamuke kwa mphindi yathunthu, kapena muwathire mankhwala motsatira zolembedwa pa botolo.

Kenako tokeni ya mayunitsi a magetsi. Gulani ndi kuilowetsa manambala ake 20 aja magetsi adakalipo. Mita ikakhala yothima silandira tokeni, ndipo netiweki ikavuta EcoCash nayo siyenda. Ndinaonapo banja lina pamsewu pathu, magetsi abwera anthu onse akuululutira, iwo mdima bii, mayunitsi anathera tsiku limene mvula inayamba. Ngati kiipadi yanu imayendera mabatire, sinthani mabatirewo.

Dzazitsani silinda ya gasi. Mapampu ambiri odzazira gasi amafuna magetsi, ndipo mtengo umakwera anthu akapanikizika. Makala ndi nkhuni zilowe pouma. Amene muli ndi galimoto kapena jenereta thirani mafuta msanga, poti mafuta athu ambiri amabwera pa paipi yochokera ku Beira, kudzera ku Feruka ku Mutare mpaka ku Msasa, ndipo Beira ndi pakhomo penipeni pomwe anamondwe amalowera. Petulo sungani m'chigubu choyenera, kunja kwa chipinda chogona.

Khalani ndi ndalama m'manja, madola ang'onoang'ono a $1, $2 ndi $5. Makina a swipe akafa, wa pa msika safuna kumva za transfer.

Za firiji pali kanzeru kamodzi kotchipa. Dzazani madzi m'mabotolo a malita awiri, musiye kampata pamwamba, muwaike mu firiza aume gwa. Firiza yodzaza, yosatsegulidwa, imasunga chakudya pafupifupi maola 48. Yodzaza theka imasunga maola 24. Mbali ya firiji wamba imasunga maola anayi okha. Mabotolo aja amadzaza mpata, ndipo akasungunuka ndi madzi akumwa. Koma musagule nyama yambiri sabata imeneyo. Gulani matemba, nyemba, soya, mazira, chiponde ndi ufa. Nyama imene ilipo kale, ina ikazingeni bwino, ina muithire mchere muiwambe, monga ankachitira agogo athu firiji isanadziwike.

Ngati pakhomo pali wodwala, iyeyo ndiye ayambe kuganiziridwa. Mankhwala a BP, a shuga, ma ARV, katengeni okwanira. Insulin imene mwayamba kugwiritsa ntchito imatha kukhala kunja kwa firiji pafupifupi masiku 28 bola pasatenthe kupitirira madigiri 30. Ikulungeni m'kapepala ka pulasitiki muiike mu mtsuko wadothi wa madzi ozizira, koma musaigunditse pa madzi ouma aja, chifukwa ikauma yaonongeka. Wogwiritsa ntchito makina a oxygen kunyumba, kambiranani ndi a chipatala mvula isanayambe za komwe mungamutengere, ndipo galimoto yomunyamula idziwike.

Usiku womaliza tchajani chilichonse: mafoni, power bank, tochi, nyale za sola. Kawailesi ka mabatire kasasowe, chifukwa nsanja za mafoni nazo zimayendera mabatire ndi dizilo, ndipo zikatha zimakhala chete.

Kachitatu: akathima

Chinthu choyamba, zulani mapulagi. TV, firiji, decoder, kompyuta, tchaja, zonse. Thimitsani bureka ya giza ndi ya sitovu. Siyani babu limodzi loyatsa kuti lidzakuuzeni akabwera. Onetsetsani kuti mbale za sitovu ndi ayironi zathimitsidwa, chifukwa nyumba zina zimapsa magetsi atabwera usiku nkupeza ayironi ili pa bulangete.

Firiji musamaitsegule ngati mukuyang'ana alendo. Ganizirani zonse zimene mukufuna, tsegulani kamodzi.

Inveta iwerengereni. Batire la 12V 100Ah limasunga mawati 1,200 a ola limodzi, koma ngati ndi la asidi kapena la gel simuyenera kulidya kupitirira theka, apo ayi lifa msanga. Ndiye muli ndi 600. Mababu atatu a LED a mawati 9 oyaka maola asanu amadya 135 okha. Firiji imadya pafupifupi 1,000 pa tsiku kapena kuposa, ndipo ketulo yokha imakoka mawati 2,000 nthawi imodzi. Pa masiku a load shedding batire limadzadzanso usiku kapena dzuwa likatuluka. Pa namondwe kumwamba kumachita bii masiku atatu, mapanelo osapereka ngakhale theka la mphamvu yake. Batire lisiyireni magetsi owunikira ndi mafoni.

Tsopano za utsi. Jenereta ikhale panja, mamita 6 kuchoka pa zitseko ndi mawindo, paipi yake yotulutsa utsi ikuloza kumbali. Mvula ikugwa mtima umati ilowe m'khonde kapena m'garaja. Ayi. Ipangireni kadenga ka lata panja pomwepo. Mpweya umene imatulutsa, carbon monoxide, ulibe fungo ndipo suoneka. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako tulo, ndipo ndi tulo tosadzuka. Mbaula ya makala ndi chimodzimodzi. Phikirani pakhonde, ndipo musailowetse m'chipinda kuti muwothe kapena muumitsire matewera zitseko zili zotseka. Wina akayamba kudandaula mutu mbaula ili pafupi, tsegulani zonse, mutulutseni panja, mupite naye kuchipatala. Jenereta muithimitse izizire musanathire petulo. Kandulo ndi wa pamapeto penipeni, ndipo akhale mu mbale ya madzi pang'ono, kutali ndi katani ndi neti ya udzudzu.

Madzi akayamba kulowa m'nyumba, thimitsani main switch mapazi anu adakali pouma. Ngati kuti mufike pa bokosilo muyenera kuponda m'madzi, lisiyeni, tulukani.

Kachinayi: waya wogwa

Apa sindichulutsa. Waya uliwonse wogwa muziutenga kuti uli ndi moto, ngakhale dera lonse lathima, ngakhale sukuthetheka. Ukhoza kuyatsidwa nthawi iliyonse kuchokera kutali, kapena ukulandira moto kuchokera ku jenereta ya munthu wina. Imani kutali mamita 10. Musaukankhe ndi mtengo. Ukagwera pa fensi ya waya kapena m'chithaphwi, fensi yonseyo ndi chithaphwi chonsecho nzoopsa. Mukazindikira muli kale pafupi, phatikizani mapazi muzikhwekhwereza pang'onopang'ono osanyamula phazi, chifukwa moto umafalikira m'nthaka ndipo ukasiyana pakati pa phazi ili ndi ilo umadutsa m'thupi. Ukagwera pa galimoto muli mkati, khalani momwemo mpaka amisiri abwere. Ikayamba kuyaka, dumphani mapazi onse pamodzi osagwira galimoto. Munthu wagwidwa ndi waya musamukoke. Mmawa wa tsiku lotsatira mvula, munthu wamkulu ayende kaye njira ya ana a sukulu.

Kachisanu: mvetsani mzere umene amisiri amatsata

Magetsi ali ngati mtengo. Mizu yake ndi Kariba South, ya mamegawati 1,050, ndi Hwange, kumene mu 2023 anaonjezera makina awiri opereka mamegawati 600 onse pamodzi, kuphatikizapo magetsi ogula kunja monga a ku Cahora Bassa. Thunthu ndi mawaya aakulu a 330kV (mavoti 330,000) oyenda pa nsanja zachitsulo kufika ku masabusiteshoni aakulu monga Warren ndi Dema. Kuchoka apo mphamvu imatsitsidwa kukhala 132kV, 33kV, kenako 11kV imene imayenda m'misewu yathu. Thiransifoma ya pafupi nanu ija imaitsitsa komaliza kufika pa mavoti 230 a m'nyumba. Nyumba yanu ndi tsamba. Kulumikiza tsamba nthambi ili yothyoka nkungotaya nthawi, ndipo mzere wonse wachokera pamenepo.

Mphepo idakali kuomba amisiri sakwera polo. Chimene amachita ndi kuthimitsa mbali zimene zili ndi mawaya ogwa kuti asaphe anthu. Nthawi zina dera lanu lathima popanda chimene chaonongeka kwanuko, bureka ya ku sabusiteshoni yadzithimitsa yokha itamva kuti penapake waya wakhudza mtengo kapena nthaka.

Kukacha amayendera mawaya. Mukaona galimoto yawo yadutsa pang'onopang'ono, anthu ake akuyang'ana kumwamba, nkupitirira osaima, musatukwane. Akuwerenga mapolo angati agwa, pakufunika waya wautali bwanji, kireni ikufunika pati. Popanda zimenezi angatumize anthu khumi kokalumikiza kafyuzi kamodzi, kwina kukugona mapolo asanu.

Akatero amayamba ndi thunthu, mawaya aakulu ndi masabusiteshoni, chifukwa waya umodzi wa kumeneko umayatsa madera ambiri nthawi imodzi. Otsatira ndi mawaya opita kumalo amene miyoyo ya anthu yadalira: zipatala zazikulu monga Parirenyatwa ndi Sally Mugabe, malo oyeretsera ndi kupopera madzi, bwalo la ndege. Nchifukwa chake anthu oyandikana ndi chipatala amayatsa msanga. Sikuti ali ndi m'bale wawo ku ofesi, angokhala pa waya umodzi ndi chipatalacho. Kenako amabwera pa mawaya a 11kV amene amisiri amawatcha ma feeder, ndipo lamulo lake ndi la masamu: ntchito ya maola awiri yoyatsa nyumba chikwi imayamba, ya maola awiri omwewo yoyatsa nyumba khumi idikire. Feeder yaitali amaidula m'zigawo, kupatula chigawo choonongeka, nkuyatsa zotsalazo, mwinanso kuzidyetsa kuchokera mbali ina. Ndiye theka la Highfield likhoza kuyaka, theka lina osayaka. Akamaliza apo ndi pomwe amafika pa thiransifoma imodziimodzi, ndipo pomalizira penipeni pa waya wochoka pa polo kulowa m'nyumba mwanu.

Nanga bwanji nyumba yoyandikana nanu yayaka, yanu ayi, pomwe muli pa thiransifoma imodzi? Thiransifoma imatulutsa mafezi atatu, kutanthauza mawaya atatu a moto, ndipo nyumba za msewu umodzi zimagawidwa pa mafeziwo. Fyuzi ya fezi imodzi ikapsa, nyumba za fezi imeneyo zimathima, zina zili phee. Ngati thiransifoma yanu ndi ya pamapolo, imani chapatali muyang'ane pamwamba pake. Pali timachubu titatu toimirira mopendekeka. Kamodzi kakakhala kakulendewera mutu pansi, fyuzi yake yapsa. Mwadziwa chokauza amisiri, koma kukabwezera si ntchito yanu, ndipo si ya mnyamata wa pa kona amene amati amadziwa za magetsi.

Ndinaimapo pansi pa polo tsiku lina mvula itangokata, ndikuonerera amisiri awiri. Ndinkayembekezera kuti angofika nkukwera. Wamkulu wawo anayamba waimba foni, nkudikira, nkubwereza mawu amene ankauzidwa mmodzimmodzi. Kenako anatenga ndodo yaitali yachikasu, nkukola timachubu tija kamodzikamodzi mpaka tonse titalendewera. Anagunditsa kachida koyezera pa waya uliwonse. Atatero anakoleka zingwe zonenepa zamkuwa pa mawaya onse nkuzilumikiza pansi. Ndi pamene mnzake anamanga lamba nkuyamba kukwera. Amalume anga, amene anakalambira pa ntchito ya m'mafakitale a ku Workington, anandikodola nati, "Mphwanga, zingwe zimenezo akuopa ife, sakuopa Kariba." Ankanena za majenereta. Munthu akalumikiza jenereta pa soketi ya m'nyumba ndi waya wa mapulagi awiri, main switch osathimitsa, moto umatuluka kubwerera ku polo. Thiransifoma imagwira ntchito mbali zonse ziwiri, ndiye mavoti 230 a kajenereta kanu amakwezedwa kukhala 11,000 pa waya umene mwana wa munthu waugwira ndi manja. Changeover switch ija ntchito yake ndi kudula nyumba yanu ku mawaya a panja jenereta isanalowe. Ngati mulibe, lumikizani firiji ndi nyale mwachindunji ku jenereta ndi extension, mawaya a nyumba asiyeni.

Chimene chimachedwetsa kwambiri ndi polo lothyoka ndi thiransifoma yopsa. Fyuzi ndi ntchito ya mphindi zochepa. Polo lifuna kukumba dzenje m'matope, galimoto yonyamula, ndi anthu angapo tsiku lathunthu. Thiransifoma iyenera kuchita kupezeka kaye. Ndipo pamene dera lili mumdima ndi pamene akuba amabwera kudzakhetsa mafuta a mu thiransifoma ndi kusolola mkuwa, vuto la masiku awiri nkusanduka la miyezi. Lamulo la dziko lino limapereka zaka zosachepera 10 m'ndende kwa woononga zida za magetsi, koma lamulo silikhala maso usiku. Gawanani mausiku amuna a pamsewu, awiriawiri, ndi tochi ndi wezulo, muziyang'anira chapatali. Obwera usiku opanda galimoto yodziwika ndi ziphaso, imbirani apolisi.

Kachisanu ndi chimodzi: kanenani, ndipo nenani bwino

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. A ku sabusiteshoni amaona feeder yonse ikathima, koma fyuzi ya thiransifoma yanu kapena waya wa nyumba yanu sauona. Aliyense akamaganiza kuti mnzake waimba kale, masiku amatha vuto lisanalembedwe nkomwe. Choipa kwambiri ndi choti ku Harare anthu amayesa ndi load shedding, nkudikira 10 koloko ya usiku, nkudikiranso ya mawa lake.

Musanaimbe, yang'anani mabureka anu ndi mita. Mita ikakhala yoyaka, vuto lili m'nyumba mwanu kapena mayunitsi atha. Ikakhala yothima, funsani anansi kuti mudziwe kukula kwa vuto. Poimba kapena mukapita ku depoti nenani nambala ya mita, adiresi, chizindikiro chapafupi, nyumba zingati zathima, nthawi imene zinathima, ndi chimene mwaona ndi maso: polo lapendekeka, mtengo wagwera waya, fyuzi ikulendewera, kapena munamva kuphulika. Ngati pali waya pansi yambani ndi mawu amenewo, chifukwa zoopsa zimadumpha mzere. Tengani reference number muilembe. Pa gulu la WhatsApp la pamsewu sankhani munthu mmodzi wotsatira nkhaniyo, ena atumize manambala a mita kwa iyeyo. Dera lonse likayaka inu nkutsalira, imbaninso, chifukwa kwa iwo ntchito ija yatsekedwa, ndipo lanu ndi vuto latsopano.

Dziwaninso malire. Mawaya a m'nyumba ndi bokosi la mabureka ndi zanu. Denga likasasuka nkuzula paipi yolandirira waya, kapena madzi akalowa m'masoketi, pezani mmisiri wanu akonze, chifukwa sangalumikize moto pa nyumba yoopsa. Amisiri akafika atsegulireni geti, mangani agalu, ana akhale kutali.

Pomaliza: babu lija likayaka

Ana adzakuwa msewu wonse, koma inu musathamangire mapulagi. Dikirani mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Dera likakhala mumdima masiku, magiza onse ndi ozizira, mafiriji onse ndi ofunda, mabatire onse ndi opanda kanthu, ndipo zonsezi zikakoka nthawi imodzi fyuzi imene yangoikidwa kumene imapsanso. Kawirikawiri magetsi akabwera nkuthimanso patapita mphindi zisanu, olakwa ndife.

M'mphindi zimenezo liyang'aneni babulo. Likamawala mofooka, kapena kuphethira, kapena kuwala mopitirira muyeso, thimitsani main switch msanga mukanene. Ichi ndinachiphunzira ndi ndalama zanga. Chaka china magetsi anabwera cha m'ma 2 koloko usiku, babu la m'khonde likuwala ngati la pa bwalo la mpira, ine nkumati abwera amphamvu. Firiji ndinali nditaisiya pa pulagi chifukwa cha ulesi. Ndinamva kafungo ka pulasitiki wopsa, kenako phuu. Waya wa neutral, umene moto umabwererapo ku thiransifoma, unali utaduka panjira, ndipo zikatero nyumba zina zimalandira moto wochepa, zina wofika kufupi ndi mavoti 400. Kompuresa ya firiji inapita usiku womwewo, pamodzi ndi tchaja cha mayi a kunyumba, amene mpaka lero amandikumbutsa.

Babu likakhala bwino, yatsani chimodzichimodzi. Firiji iyambe, kenako zing'onozing'ono, giza ikhale yomaliza, mwina mawa lake. Soketi kapena chida chilichonse chimene chinanyowa chisayatsidwe mpaka mmisiri achione. Tsegulani firiza: nyama imene idakali ndi madzi ouma mkati mukhoza kuiumitsanso kapena kuiphika, koma imene yasungunukiratu nkufunda itayeni, ngakhale isakununkha. Wina akayamba kutsegula m'mimba, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, azimwa muli pa ulendo wa ku kiliniki. Madzi a pampopi akabwerera amayamba ndi a matope, ndiye asiyeni atayike kaye ndipo pitirizani kuthira mankhwala kwa masiku angapo. Zigubu zija zidzazeninso usiku womwewo, ndipo mabotolo abwerere mu firiza, poti mu 2019 namondwe Kenneth anafika ku Mozambique patangopita masabata asanu ndi limodzi Idai atadutsa.